Kansas City inadya mbewu mu 2012, ndipo ine ndikuti inachita bwino

Pa 9 Disembala 2012 timu ya baseball ya Kansas City Royals inapereka anyamata ake anayi ku Tampa Bay Rays, n'kulandirako oponya mpira awiri, James Shields ndi Wade Davis. Pa anayiwo panali Wil Myers, amene tsiku lotsatira lomwelo ankakwanitsa zaka 22. Chaka chimenecho mnyamatayu anali atamenya ma home run 37 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, chigoli n'kulowa pompo) m'maligi aang'ono, kumene matimu amalerera osewera, ndipo magazini ya Baseball America inali itamusankha kuti kumeneko kulibe womuposa. Ochemerera Royals anapsa mtima. Olemba zamasewera ambiri anati timuyi yaberedwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo dzina la a Dayton Moore, amene panthawiyo anali mkulu woona zosinthana osewera ku Royals, linatchulidwa m'makomo ambiri popanda ulemu. Patapita zaka zitatu Royals inanyamula chikho cha World Series, mpikisano wotsiriza wopeza akatswiri a chaka, woponya mpira wotsiriza ali Wade Davis yemwe uja. Anthu omwewo anatembenuza lilime, ati a Moore anaona patali.

Ine ndimati a Moore anachita bwino, koma chifukwa chimene anthu amawayamikirira lero n'cholakwika. Za Davis zija unali mwayi, ndipo mwayi sitiyezera nzeru za munthu.

Poti ambirife tinakulira mpira wamiyendo, tiyambe tamvana kayendedwe ka malonda ake. Ku baseball ya ku America si kawirikawiri timu kugula wosewera kwa inzake ndi ndalama monga amachitira ku Ulaya. Amasinthana anthu: ndipatse uyu, utenge awa. Mnyamata akakwera kulowa mu ligi yaikulu, timu yake imakhala naye zaka 6 asanaloledwe kukadzitsatsa kumene afuna, ndipo zaka zitatu zoyambirira amalandira malipiro oyandikira otsikitsitsa, amene mu 2013 anali madola 490,000 pachaka. Kwa ine ndi inu ndi chuma chosasimbika, koma kumeneko ndi ndalama ya ndiwo. Ndiye Royals popereka Myers inataya zaka 6 za womenya mpira waluso pamtengo wozizira. Shields amene inalandirayo anali pafupi kukwanitsa zaka 31, ndipo kontirakiti yake inali itatsala ndi zaka ziwiri zokha. Pamwamba pa Myers anawonjezerapo oponya achinyamata awiri, Jake Odorizzi ndi Mike Montgomery, komanso Patrick Leonard.

Masamu a otsutsa aja analibe chilema, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Mu 2012 Royals inapambana masewera 72 n'kuluza 90. Timu yotereyi, iwo anati, sichira ndi munthu mmodzi. Chopweteka china n'chakuti malo amene Myers akanasewera anali a Jeff Francoeur, amene anali atafooka kale, moti pakati pa 2013 Royals inamuchotsa. Chaka chomwecho Myers anamenya ma home run 13 m'masewera 88, n'kusankhidwa kukhala wosewera watsopano wabwino kuposa onse mu American League, mbali imodzi mwa ziwiri za ligi yaikulu, momwe muli Royals ndi Rays. Rays inalowa m'ndime ya mapeto, masewera a mu Okutobala olimbirana chikho, Royals n'kutsala kunja. Aliyense amene akanaweruza mlanduwu mu Okutobala 2013 akanawapeza olakwa a Moore, ndipo khoti likanaombera m'manja.

Komatu tiyeni tione nthenda imene Royals inkadwala. Timu iliyonse imasewera masewera 162 pachaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Sewero lililonse lili ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning (akafanana mphamvu amawonjezera ena), ndipo mu inning iliyonse timu imaponya mpaka itatulutsa omenya atatu a inzake. Mukachulukitsa mupeza ma inning oposa 1,400 amene wina wake ayenera kuwaponya, afune asafune. Ntchitoyi imagwera oponya oyambitsa asanu osinthana masiku, ndipo woyambitsa akatopa kapena akamenyedwa kwambiri amalandiridwa ndi anzake a ku bullpen, gulu la oponya odikira panja, amene aliyense amaponya inning imodzi kapena ziwiri. Luso la woponya amaliyeza ndi ERA, kutanthauza zigoli zimene amalola pa ma inning 9 alionse. Ikakhala cha m'ma 3 ndiye kuti munthu ndi katswiri, ikadutsa 5 ndiye kuti akuotchetsa timu.

Mu 2012 amene anaponya pa sewero lotsegulira chaka ku Royals anali Bruce Chen, bambo wa zaka 34 amene ku timu yolimba akanakhala wachinayi kapena wachisanu pamzere. Luke Hochevar, amene anasankhidwa woyamba pa anyamata onse mu 2006, anamaliza ndi ERA ya 5.73. Danny Duffy ndi Felipe Paulino anachitidwa opaleshoni ya chigongono. Jonathan Sánchez, amene anamusinthanitsa ndi Melky Cabrera, anapambana sewero limodzi n'kuluza 6, ndipo pofika Julayi anali atamutaya. Omenya mpira achinyamata analipo, koma timu inkapezeka kuti yatsalira ndi zigoli zinayi anthu asanamalize kukhala pansi m'bwalo. Myers akanamenya ma home run 30 pa timu yotereyi, kukanakhala kuthira madzi m'dengu.

Shields sanali woponya woopsa kuposa onse mu ligi, ndipo a Moore sanamugule ngati wotero. Chimene anali nacho ndi msana. Kuyambira 2007 mpaka 2012 chaka chilichonse ankaponya ma inning oposa 200, ndipo mu 2011 anaponya yekha masewera 11 kuchokera poyamba mpaka pothera, zimene masiku ano sizionekanso. Royals inagula zimenezi, ndipo inalandira zimenezi: ma inning 228 ndi kachidutswa mu 2013, ochuluka kuposa wina aliyense mu American League, ERA 3.15, kenako 227 mu 2014, ERA 3.21. Phindu la munthu wotere limafika ndi pa masiku amene iye sakuponya. Akafika inning ya 7 tsiku lake, a ku bullpen amapuma, ndipo mawa amabwera ndi mikono yamoyo. Mu 2013 Royals inali ndi ERA yotsika kuposa matimu onse a mu American League, n'kupambana masewera 86, koyamba kupambana ambiri kuposa oluza chichokere 2003. Sindikuti zonse anachita ndi Shields. Ervin Santana anabwera nyengo yomweyo n'kuponya bwino, ndipo kumbuyo kwa oponyawo kunali ogwira mpira ngati Alex Gordon, Lorenzo Cain, Alcides Escobar ndi Salvador Perez, amene ankatola zimene ena akanataya. Koma mzati wa pakati pa nyumbayo anali iyeyo.

Pamene otsutsa sanayang'ane bwino, ndipo kwa ine ndi pamene pagona nkhani, ndi pa kalendala. Eric Hosmer ndi Mike Moustakas anakwera mu 2011. Cain ndi Escobar anabwera mu Disembala 2010 kuchokera ku Milwaukee, posinthana ndi Zack Greinke. Anayi onsewa ankadzamasuka 2017 ikatha, ndipo aliyense ku Kansas City ankadziwa kuti mzinda wawo sungapikisane ndi New York kapena Los Angeles powasunga onse. Choncho zaka zokolola zinali zisanu, zowerengeka pa dzanja limodzi. Kudikira kuti Odorizzi ndi Montgomery akhwime, ngati akanakhwima n'komwe, kukanadya ziwiri kapena zitatu mwa zakazo.

Ndipo kumbukirani kumene timuyi inkachokera. Chitengere chikho mu 1985 inali isanapondenso m'ndime ya mapeto. Ntchito yake inali kulera osewera n'kuwapereka kwa ena akakula: Johnny Damon ndi Jermaine Dye mu 2001, Carlos Beltrán mu 2004, Greinke mu 2010. Nthawi iliyonse ochemerera ankauzidwa kuti sungani khosi, mkanda woyera mudzavala, anyamata amene talandirawa ndiwo tsogolo. Anasunga khosi zaka 27. Pali ana amene anabadwa, kukula, kukwatira n'kubereka awo osaonapo timu yawo ikusewera sewero laphindu mu Okutobala. Amati a Moore anadya mbewu. Inde anadya. Koma nkhokwe imeneyo inali ikusunga mbewu chaka ndi chaka osadzala, ndipo ambiri mwa anyamata otamandidwa m'maligi aang'ono amathera komweko. Montgomery yemweyo anali atatamandidwa kwambiri zaka ziwiri m'mbuyomo, koma pofika 2012 anali akumenyedwa mpaka kumutsitsa kalasi.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene imandivuta kuiyankha, ndipo sindiibisa. Mwezi womwewo wa Disembala 2012 oponya abwino ankapezeka ndi ndalama zokha, popanda kupereka mwana aliyense. Aníbal Sánchez anasaina ku Detroit, timu ya m'gulu limodzi ndi Royals, madola 80 miliyoni kwa zaka zisanu, ndipo mu 2013 ndiye anali ndi ERA yotsika kuposa oyambitsa onse mu American League. Greinke anapita ku Los Angeles Dodgers pa madola 147 miliyoni. Mwini Royals panthawiyo, a David Glass, amene kale anali mkulu wa kampani ya Walmart, sanali munthu wosauka. Akanamasula chikwama, timu ikanakhala ndi woponya, Myers n'kukhalanso pompo. Izi n'zoona. Koma mlandu umenewu ndi wa mwini timu, ndipo a Moore ankagula ndi zimene anali nazo m'manja. Kuwonjezera apo, woponya amene akufunidwa ndi matimu angapo sathamangira ku timu yoluza masewera 90 pokhapokha mumulipire mopitirira muyeso. Ena amanenanso kuti a Moore ankapulumutsa ntchito yawo, poti anali atakhala pampando chiyambire 2006 popanda chooneka. Mwina n'zoona. Munthu amene denga likumudonthera akafolera nyumba, sitinena kuti walakwa chifukwa choti amaopa kunyowa yekha.

Tsopano za Wade Davis. Royals inamutenga kuti akhale woyambitsa, ndipo pa ntchito imeneyo analephera. Mu 2013 anayamba masewera 24 n'kumaliza chaka ndi ERA ya 5.32. Pokonzekera 2014 anali akulimbirabe malo a woyambitsa wachisanu. Ndiye Hochevar, amene anali atasamukira ku bullpen n'kuchita bwino kumeneko, anavulala chigongono mu Malichi, ndipo Davis anatumizidwa kukatseka dzenjelo. Zimene zinatsatira palibe anazilota. Poti tsopano ankaponya inning imodzi yokha, ankatulutsa mphamvu zonse nthawi imodzi, osasungira zina. Mu 2014 anaponya ma inning 72, ERA 1.00, kutulutsa omenya 109 osakhudza mpira moyenera, ndipo chaka chonsecho palibe anamumenya home run. Mu 2015 ERA inatsikanso kufika 0.94. Iye, Kelvin Herrera ndi Greg Holland anachititsa kuti timu ikatsalira kwa Royals pofika inning ya 7 iyambe kulongedza zikwama.

Holland atavulala kumapeto kwa 2015, Davis ndiye anakhala wotseka, woponya inning yomaliza timu ikakhala patsogolo. Pa sewero la 6 lolimbana ndi Toronto, lolowera ku World Series, analowa mu inning ya 8, mvula n'kuimitsa sewero, mkono n'kuzizira, koma anabwereranso mu inning ya 9. Othamanga awiri a Toronto ali pafupi kugoletsa, iye anatulutsa Josh Donaldson, amene chaka chimenecho anali wosewera wopambana onse mu American League. Pa 1 Novembala ku New York, m'bwalo la Mets, anamaliza World Series potulutsa Wilmer Flores mu inning ya 12. Kwa oonera ali ku Lilongwe kapena ku Chipata kunali kutacha kale, ena akukonzekera kuntchito maso ali psuu.

Zokoma kuzikumbukira, koma funsani funso ili: chigongono cha Hochevar chikanapanda kuduka, bwenzi Davis ali kuti? Mwina bwenzi akuvutikabe ngati woyambitsa wachisanu, ndipo bwenzi lero tikumutchula ngati umboni wakuti a Moore anapusitsidwa kawiri. Amene amayamikira malondawa chifukwa cha Davis ayenera kuvomeranso kuti Shields akanathyoka mkono mu Epulo 2013, zimene zimachitikira oponya chaka chilichonse, bwenzi akuwatukwana a Moore pa chisankho chomwechomwecho. Chimene ndingawapatse a Moore pa Davis n'chochepa koma chenicheni. Mu 2012 ku Tampa Bay mnyamatayu anali kale ku bullpen ndipo anali ndi ERA ya 2.43, kontirakiti yake inkalola timu kumusunga mpaka 2017, ndiye ankadziwa kuti akakanika uku ali ndi pogwera. Koma sanadziwe kuti pogwerapo pali golide, apo ayi sakanataya chaka chathunthu akumukakamiza ntchito ina.

Shields naye tisamudzoze mafuta osayenera. Ankatchedwa Big Game James, ngati munthu wa masewera akuluakulu, koma m'ndime ya mapeto ya 2014 dzinalo linamulemera. Pa sewero la mpulumutso lolimbana ndi Oakland, limene woluza ankatulukiratu mumpikisano, anatuluka msanga, timu n'kutsalira 7 kwa 3, ndipo anzake ndiwo anabweza mpaka kupambana 9 kwa 8 mu inning ya 12. Ku World Series anakumana kawiri ndi Madison Bumgarner wa San Francisco Giants, n'kuluza kawiri konse. Royals inagonja pa sewero la 7, ndipo Shields anapita ku San Diego Padres pa madola 75 miliyoni. Chikho cha 2015 sanachigwire. Amanenanso kuti anaphunzitsa anyamata a Royals mtima wopambana. Mwina anaterodi, koma zimenezi zilibe sikelo, ndipo anthu amazikumbukira timu ikapambana basi. Chimene chili ndi sikelo ndi ichi: mu 2014 Royals inapambana masewera 89, Oakland 88, Seattle 87, ndipo Seattle inatsala kunja. Chotsanipo ma inning 227 a Shields, muwapereke kwa oponya amtundu wa 2012 aja, ndipo Okutobala ameneyo kulibe. Chaka chotsatira anthu oposa 2.7 miliyoni analowa m'bwalo la Kauffman, zimene zinali zisanachitikepo, ndipo timu imene inali itazolowera kugulitsa inalimba mtima kukatenga Johnny Cueto ku Cincinnati mu Julayi.

Nanga Rays? Anthu amakonda kuti pa malonda pakhale wopusa, koma pano sindimuona. Andrew Friedman, amene ankayendetsa zinthu kumeneko, anali ndi oyambitsa osefukira: David Price, Matt Moore, Alex Cobb, Jeremy Hellickson, ndi Chris Archer akubwera m'mbuyo. Ndalama zomusungira Shields analibe, poti bwalo lawo ku St. Petersburg silinkadzaza. Anagulitsa chimene chinali chochuluka pakhomo pake nthawi imene mtengo unali pamwamba, ndipo Odorizzi yekha anawaponyera ngati woyambitsa zaka zinayi zathunthu. Pamene Rays inapunthwa ndi pambuyo pake. Myers atavulala dzanja n'kufooka mu 2014, anamupereka ku San Diego pa malonda a matimu atatu. Iwo anatenga Steven Souza, pamene mnyamata wina wa San Diego, Trea Turner, anadutsa pamphuno pawo kupita ku Washington, kumene anakakhala katswiri. Myers anadzakhala wosewera wabwino ndithu, anasankhidwako kamodzi ku All-Star, sewero la akatswiri osankhidwa m'matimu onse, mu 2016, koma sanafike pamene ankamulosera. Ndikanatha kuitenga mfundo imeneyi ngati chibonga changa, koma kungakhale kuba, chifukwa mu 2012 a Moore sankadziwa zimenezi, monganso sankadziwa za Davis.

Kuti muone kuti nthawi ndiyo inkalamula, tsatirani Shields yemweyo. Mu 2015 iye ndi Myers anapezeka akuvala yunifomu imodzi ku San Diego. Mu Juni 2016 Chicago White Sox inamutenga ali ndi zaka 34, atangomenyedwa zigoli 10 pa sewero lake lomaliza. Inapereka woponya Erik Johnson ndi kamnyamata ka zaka 17 kamene kanali kasanasewereko mpira wolipidwa, dzina lake Fernando Tatis Jr. Shields anapambana masewera 4 n'kuluza 12 chaka chimenecho ku Chicago, ERA 6.77, ndipo timuyo sinapite kulikonse. Anthu amaseka White Sox chifukwa Tatis anadzakhala katswiri, koma ine ndimawadzudzula pa zimene zinkaoneka tsiku lomwelo: mkono unali utayamba kutha, ndipo timu yawo inali ikutsetsereka kale. Royals inagula munthu yemweyo ali pachimake, ili ndi gulu la anyamata okonzeka kumuzungulira.

Montgomery uja anayenda ulendo wake. Rays inamupereka ku Seattle, Seattle n'kumupereka ku Chicago Cubs mu Julayi 2016, ndipo pa 2 Novembala chaka chimenecho ndiye anaponya mpira wotsiriza ku Cleveland, Cubs n'kutenga chikho patatha zaka 108. Kotero ma World Series awiri otsatizana anatsekedwa ndi oponya a m'malonda amodzi omwewo, ndipo onse awiri anali anthu amene mu 2012 ankatchulidwa kumapeto kwa chiganizo.

Ngongole ya Royals inadzabwera, monga ankanenera otsutsa. Hosmer ndi Cain anachoka 2017 itatha, timu inaluza masewera 104 mu 2018, ndipo a Moore anachotsedwa ntchito mu Seputembala 2022. Sindikhulupirira kuti Myers akanaletsa zimenezi, poti zaka zake 6 zikanathera m'nyengo yomweyo ya chilala. Davis anaperekedwa ku Cubs mu Disembala 2016 posinthana ndi Jorge Soler, womenya wamphamvu wosewera mbali yomwe ija ya Myers. Mu 2019 Soler anamenya ma home run 48, kuposa aliyense mu American League, kuposanso aliyense amene anavalapo malaya a Royals kufika nthawi imeneyo. Oponya a timuyo anali ndi ERA yopitirira 5, ndipo Royals inaluza masewera 103.